NYENYEZI YA MCHIRA NDI MPHEPO YA MWERA

Phunziro la nyengo ya chisanu

Mwezi wa Juni ukafika, mitambo ya dzinja imakhala itapita, chimanga chitalowa m'nkhokwe, ndipo madzulo anthu sachedwa kusonkhana pamoto. Pa nyengo imeneyi thambo limayera koposa miyezi ina yonse, pakuti utsi wa lupsa umakhala usanaphimbe dziko, ndipo nyenyezi zimaoneka zosawerengeka. Pamoto potere mpamene akuluakulu amakumbutsana za nyenyezi za mchira zimene adaziona: wina ya chaka cha 1965 imene inkaoneka ngakhale masana, wina ya 1986, ndipo achinyamata ya 2007 kapena ya 2024. Kawirikawiri pamapezeka mmodzi wonena kuti nyenyezi yotere siidza chabe, koma imatsogolera mphepo yaukali, chilala, kapena maliro a munthu wamkulu.

Maganizo amenewa si a kuno kokha ayi, ndiponso si a anthu osaphunzira okha. Anzeru otchuka a ku Ulaya adawakhulupirira zaka mazana ambiri, nchifukwa chake ayenera kuyankhidwa mwaulemu ndi mosamala. Phunziro lino liyankha mafunso awiri. Loyamba: kodi nyenyezi ya mchira imachokera kuti? Lachiwiri: nanga mphepo ndi kuzizira kwa nyengo ino zimachokera kuti? Mayankho ake ali ndi ntchito yaikulu, pakuti munthu wodikira chizindikiro cha kumwamba kuti adziwe za tsoka angathe kukankhira bwato m'madzi tsiku lomwe wailesi yachenjeza za mwera.

1. ZIMENE AKALE ANKAPHUNZITSA

Aristotle, wanzeru wa ku Greece amene adamwalira zaka 322 Khristu asanabadwe, adaphunzitsa kuti nyenyezi ya mchira si nyenyezi yeniyeni. Iye adati dziko likatenthedwa ndi dzuwa limatulutsa mpweya wouma, ndipo mpweyawo umakwera nukayaka moto kumwamba, kunsi kwa mwezi. Popeza ankakhulupirira kuti mphepo nayonso imachokera ku mpweya womwewo, adati chaka cha nyenyezi za mchira zambiri chimakhala cha mphepo ndi chilala. Motero kwa iye nyenyezi ya mchira idali mbale wa mitambo ndi kamvuluvulu, ndipo maganizo akewa adakhazikika pakati pa ophunzira zaka pafupifupi 1,900.

Anthu wamba adaonjezapo mantha awo. Mu Epulo 1066 nyenyezi ya mchira idaoneka ku England. Mu Okutobala chaka chomwecho mfumu Harold idaphedwa pa nkhondo ya ku Hastings, ndipo anthu adati nyenyezi ija idalosera zimenezi. Sadaganize kuti kwa William wa ku Normandy, amene adapambana nkhondoyo nalowa ufumu, nyenyezi yomweyo idali ya mwayi.

Chaka cha 1577 kudaoneka nyenyezi ya mchira yowala kwambiri, ndipo Tycho Brahe wa ku Denmark adafuna kuyesa kutalikira kwake. Njira yake ngakhale mwana angathe kuimvetsa. Munthu akaimika chala patsogolo pa nkhope, natsinzina diso limodzi kenaka linzake, chalacho chimaoneka ngati chikudumpha, pamene mtengo wakutali susuntha. Chinthu chapafupi chimasintha malo chikaonedwa kuchokera mbali ziwiri, koma chakutali ayi. Tycho adayerekeza malo a nyenyeziyo monga adaionera ku Denmark ndi monga mnzake adaionera ku Prague, napeza kuti siidadumphe monga mwezi umachitira. Choncho idali kutali kuposa mwezi, kunja kwenikweni kwa mpweya wa dziko lapansi. Pamenepo chiphunzitso cha Aristotle chidayamba kugwa.

Adatsiriza ntchitoyi ndi Edmond Halley wa ku England. Potsata malamulo a mphamvu yokoka amene Isaac Newton adawafotokoza, adawerengera njira za nyenyezi za mchira 24. Adaona kuti ya mu 1531, ya mu 1607 ndi ya mu 1682 zidayenda njira imodzi, ndipo mu 1705 adalengeza kuti ndi nyenyezi imodzi yomabwerera pakapita zaka pafupifupi 76, imene idzaonekanso cha mu 1758. Halley adamwalira mu 1742. Koma pa tsiku la Khrisimasi 1758 mlimi wina wa ku Germany, Johann Palitzsch, adaiona ndi galasi lake loonera kutali. Kuyambira pamenepo idatchedwa nyenyezi ya Halley, ndipo pambuyo pake zidadziwika kuti ndi yomwe ija ya mu 1066. Chinthu chimene kubwera kwake kungawerengeredwe kutatsala zaka 53 sichingakhale mthenga wa tsoka la mudzi wakutiwakuti. Chimangoyenda njira yake.

2. KODI NYENYEZI YA MCHIRA NCHIYANI?

Mu 1950 Fred Whipple wa ku America adafotokoza kuti pakati pa nyenyezi ya mchira pali phata laling'ono, chibuma cha madzi oundana osakanikirana ndi fumbi ndi timiyala. Amene adatolapo matalala ogwera m'dothi ali nacho chithunzi chake, kungoti phatali ndi lalikulu ngati phiri. M'kati mwake mulinso mipweya ina youndana chifukwa cha kuzizira koopsa.

Mau akewo adatsimikizika mu Malichi 1986, pamene chombo cha mumlengalenga chotchedwa Giotto chidadutsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 600 kuchokera pa phata la nyenyezi ya Halley nichilijambula. Lidaoneka longa mbatata, m'litali makilomita 15, m'mimba mwake makilomita 8, ndiye kuti likadangotsala pang'ono kudzaza mtunda wa pakati pa Blantyre ndi Chileka. Chodabwitsa nchakuti lidali lakuda bii ngati makala. Mu Ogasiti 2014 chombo china, Rosetta, chidafika pa nyenyezi yotchedwa Churyumov-Gerasimenko, imene phata lake ndi la makilomita pafupifupi 4, ndipo pa 12 Novembala chidatsitsirapo kachombo kakang'ono kotchedwa Philae. Zithunzi zake zidaonetsa maphedi, miyala ndi fumbi, opanda lawi la moto ngakhale limodzi.

Nanga kuwala kumachokera kuti? Phata likakhala kutali ndi dzuwa silioneka konse. Likayandikira, madzi oundana aja amasanduka nthunzi osayamba asungunuka, ndipo nthunziyo imatuluka pamodzi ndi fumbi nizipanga mutu wowala, waukulu kuposa dziko lapansi. Kuwala kwa dzuwa kumakankha fumbi, ndipo tizinthu tating'ono touluka mwaliwiro kuchokera ku dzuwa timakankha mpweya. Motero pamakhala michira iwiri, wa fumbi wopindika ndi wa mpweya woongoka. Mchira nthawi zonse umaloza mbali yosiyana ndi kumene kuli dzuwa, kotero kuti pobwerera kwao nyenyeziyo imayenda mchira uli patsogolo. Ungatalike makilomita mamiliyoni ambiri, koma ndi wopyapyala kotero kuti nyenyezi za kuseri kwake zimaonekera ndithu.

Ulendo uliwonse wodzera pafupi ndi dzuwa umachepetsa phatalo, monga sopo amathera pochapa, ndipo potsiriza limasweka kapena kuumiratu. Apa mpamene padabuka funso lovuta. Dzuwa ndi mapulaneti ake zakhalapo zaka pafupifupi 4,600 miliyoni. Ngati nyenyezi za mchira zimatha msanga chotere, bwanji zikuonekabe? Payenera kukhala nkhokwe kwinakwake kumene zatsopano zimachokera.

3. KWAO KWA NYENYEZI ZA MCHIRA

Nkhokwe zake zilipo ziwiri. Yoyamba adaifotokoza ndi Jan Oort wa ku Netherlands mu 1950. Atawerengera njira za nyenyezi za mchira 19 za ulendo wautali, adapeza kuti zambiri zidachokera kutali koopsa. Ndipo nyenyezi za mtundu umenewu zimafika kuchokera mbali zonse za thambo. Adati tsono dzuwa lazunguliridwa ndi khamu lalikulu la zibuma zoundana, mamiliyoni osawerengeka, limene masiku ano limatchedwa Mtambo wa Oort. Palibe galasi loonera kutali limene lidauonapo mtambo umenewu. Umadziwika ndi njira za alendo ochokerako, monga mlenje amadziwira kumene kuli dziwe poona mapazi a nyama.

Kutalika kwake kungamveke ndi fanizo ili. Kuchokera pa dziko lapansi kukafika ku dzuwa pali makilomita 150 miliyoni, ndipo kuwala kumayenda mtundawu mphindi 8. Mtunda wonsewu ukayesedwa ngati phazi limodzi lalitali la munthu woyenda, ndiye kuti Neptune, pulaneti lakutali koposa onse, lili pa mapazi 30 kuchokera ku dzuwa. Mtambo wa Oort umayambira pa mapazi zikwi zingapo, ndipo malire ake akunja angafike pa mapazi 100,000, monga kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Salima. Kumeneko dzuwa limangooneka ngati nyenyezi yowala, ndipo kuzizira kwake kulibe chofanizira pa dziko lino.

Nkhokwe yachiwiri ili pafupiko, kuseri kwa Neptune, kuyambira pa mapazi 30 mpaka 50, ndipo zibuma zina zomwazika zimapitirira pamenepo. Imatchedwa Lamba wa Kuiper, pokumbukira Gerard Kuiper amene adalembapo za dera limeneli mu 1951. Pulaneti laling'ono Pluto lili momwemo. Mu Ogasiti 1992 David Jewitt ndi Jane Luu, ali pa phiri la Mauna Kea ku Hawaii, adaona chibuma china m'deramo, ndipo kuyambira pamenepo zapezeka zikwi. Nyenyezi za mchira zobwerera pakapita zaka zochepa, monga ija ya Rosetta imene imazungulira dzuwa zaka 6 ndi theka, zimachokera kumeneku.

Kodi zidafikako bwanji? Pachiyambi dzuwa lidazunguliridwa ndi fumbi ndi mpweya, ndipo zimenezi zidaunjikana pang'onopang'ono nizipanga mapulaneti. Kutali ndi dzuwa, kumene madzi sasungunuka, kudatsala zibuma zambiri zimene sizidalowe m'pulaneti lililonse. Mapulaneti akuluakulu, Jupiter, Saturn, Uranus ndi Neptune, adazimwaza ndi mphamvu yawo yokoka, zina nizikathera ku Mtambo wa Oort. Tingoyerekeza ndi zidutswa za njerwa zotsala nyumba ikatha kumangidwa: nyenyezi ya mchira ndi chotsalira cha mamangidwe a dziko, ndipo nchifukwa chake anzeru amaifunitsitsa kuti adziwe za chiyambi.

Zibumazi zimakhala kumeneko zaka mamiliyoni. Nthawi zina nyenyezi ina yodutsa chapatali, kapena mphamvu yokoka ya khamu lonse la nyenyezi za Mlalang'amba, imasuntha chimodzi pang'ono, ndipo chimayamba kugwera ku dzuwa. Ulendowo ungatenge zaka zikwi kapena mamiliyoni. Nyenyezi ya Hale-Bopp, imene idaoneka mu 1997, idali itadutsako kale zaka pafupifupi 4,200 m'mbuyomo. Palinso alendo ochokera kunja kwenikweni kwa banja la dzuwa, monga imene Gennadiy Borisov adaipeza mu Ogasiti 2019. Yotere imangodutsa kamodzi osabwereranso.

4. KODI INGADZETSE MPHEPO KAPENA CHILALA?

Yankho ndi lakuti ayi. Mitambo, mvula ndi mphepo zonse zimachitika m'munsi muno, osapitirira makilomita 18 kuchokera pansi. Mwezi uli pa makilomita 384,000. Nyenyezi ya Halley, pamene idayandikira kwambiri mu 1986, idali pa makilomita 63 miliyoni. Chibuma cha makilomita 15 chokhala kutali chotero sichingagwedeze ngakhale tsamba la mtengo.

Umboni wina udapezeka mu Meyi 1910, pamene dziko lapansi lidadutsa m'mchira wa nyenyezi yomweyo. Nyuzipepala za ku Ulaya ndi ku America zidalemba kuti m'mchiramo muli mpweya wa poizoni, anthu ena adamata mazenera awo, ndipo akathyali adagulitsa mibulu ya mankhwala onama. Kutacha, anthu adadzuka ali bwinobwino, kupatula matumba a amene adagula mibulu ija.

Chimene nyenyezi ya mchira imasiyira dziko ndi fumbi la m'njira yake. Chaka chilichonse, cha pa 5 ndi 6 Meyi mbandakucha, ndiponso cha pa 21 Okutobala, dziko limadutsa m'fumbi la nyenyezi ya Halley. Timiyala tonga mchenga timapsa m'mwamba, pa makilomita pafupifupi 100, ndipo anthu amati nyenyezi zikuthothoka. Choopsa chenicheni nchimodzi chokha, kugundana, monga zidachitikira mu Julayi 1994 pamene zidutswa za nyenyezi ya Shoemaker-Levy 9 zidagwera pa Jupiter. Zotere nzapatalipatali kwambiri, ndipo pali anzeru amene ntchito yawo ndi kulondera thambo usiku uliwonse. Imodzi mwa nyumba zawo zolonderamo ili ku Sutherland, ku South Africa.

5. NANGA CHISANU CHIMACHOKERA KUTI?

Dziko lapansi limazungulira dzuwa lili chopendekeka ndi madigiri 23 ndi theka. Cha pa 21 Juni mbali ya kumpoto ndi imene imaweramira ku dzuwa, ndipo kuno kumwera dzuwa limadutsa chakumpoto, usana nufupika, kutentha nikuchepa. Ena amati kumazizira chifukwa dziko latalikira dzuwa. Nzoona kuti kumayambiriro a Julayi lili pa makilomita 152 miliyoni pamene mu Januwale lili pa 147 miliyoni, koma chifukwa chake si chimenecho, pakuti mwezi womwewo wa Julayi ku Ulaya kumatentha.

Pa miyezi imeneyi mpweya wozizira ndi wolemera umaunjikana kumwera kwa Africa ndi pa nyanja ya mchere ya India, ndipo umakankhikira chakuno kuchokera kumwera chakuvuma. Mpweya umenewu ukafika pa nyanja ya Malawi umatchedwa mwera. Ukafika m'mapiri a kumwera uli ndi chinyezi umatchedwa chiperoni. Zonsezi zimabwera chaka ndi chaka, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala, nyenyezi ya mchira ikhalepo kapena isakhalepo.

6. MWERA

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo idagona kuchokera kumwera kuloza kumpoto. Mwera umaomba motsata utali wonsewo popanda phiri kapena nkhalango youtchinga, ndipo funde likayamba laling'ono cha ku Mangochi limanka likula mpaka kukafika cha ku Nkhata Bay ndi ku Karonga lili lalitali kuposa munthu. Ungaombe masiku angapo osaleka. Ubwino wake ulipo: pokankhira madzi apamwamba kumpoto umachititsa kuti madzi apansi a kumwera akwere ndi chakudya cha tizilombo timene usipa umadya. Koma mtengo wake umalipidwa ndi miyoyo ya asodzi ndi apaulendo.

Pa 30 Julayi 1946 sitima yatsopano yotchedwa Vipya, imene idangoyamba kumene ntchito chaka chomwecho, idanyamuka ku Mbamba Bay kuoloka nyanja kulinga ku Florence Bay, kunsi kwa Livingstonia. Idakumana ndi mphepo yaukali, idagudubuzika nimira, ndipo anthu 145 adafa. Idali sitima ya chitsulo ya injini. Ngati mphepo ya Julayi idamiza chombo chotere, nanga bwato wosema, kapena boti lamatabwa lodzaza ndi anthu, matumba ndi njinga?

Masiku ano nthambi ya boma yoona zanyengo imalengeza pa wailesi ndi pa mafoni pamene mwera uli pafupi kuomba pa nyanja za Malawi, Malombe, Chilwa ndi Chiuta. Chenjezo limeneli limachokera ku zipangizo zoyesera mpweya ndi ku zithunzi za masetilaiti, ndipo limafika tsiku limodzi kapena awiri mphepo isanayambe. Vuto ndi lakuti njala siimva wailesi. Msodzi amene ana ake agona ndi njala amati ayesa mwayi usiku umodzi wokha. Apa mpamene eni zilimira, mafumu ndi akuluakulu a m'madoko ayenera kugwirizana kuti tsiku la chenjezo pasatuluke bwato ngakhale umodzi, pakuti munthu mmodzi payekha sangathe kukana pamene anzake onse akupalasa.

7. CHIPERONI, CHISANU NDI MBAULA

Dzina lakuti chiperoni lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, kumwera chakuvuma kwa Mulanje, kumene mitambo yake imaonekera ikamabwera. Mpweya wachinyezi wochokera ku nyanja ya mchere ukakumana ndi mapiri a Mulanje, Thyolo, Blantyre ndi Zomba umakwera, nuzizira, nusanduka chifunga ndi mvula yowaza imene ingakhale masiku awiri, atatu, kapena kuposa. Ndiyo imasunga tiyi wobiriwira m'chilimwe. Koma imabisa njira pa phiri la Mulanje, imachititsa khungu oyendetsa galimoto, ndipo imanyowetsa ana opita ku sukulu osavala zofunda. Mwana akayamba kutsokomola, kutentha thupi ndi kupuma mwabefu, nthiti zikulowa m'kati, chingakhale chibayo; apite naye ku chipatala tsiku lomwelo.

Chiperoni chikachoka thambo limayera, mphepo nileka, ndipo usiku wotere ndiwo wa chisanu. Mitambo ili ngati bulangete la dziko. Ikachoka, nthaka imataya kutentha kwake konse. Mpweya wozizira, popeza ndi wolemera, umatsetsereka nukadikha m'madambo, momwe muli madimba. Nchifukwa chake ku Dedza, ku Ntcheu, ku Viphya ndi ku Nyika mlimi angadzuke napeza tomato, nyemba ndi mbatata ya kachewere zitawauka. Pano pali chinthu choyenera kuchizindikira: usiku umene nyenyezi zimaoneka bwino koposa ndi womwewo umene chisanu chimagwa. Munthu woona nyenyezi ya mchira madzulo napeza dimba litawauka m'mawa angathe kuiimba mlandu, pamene zonse ziwiri zachitika chifukwa chakuti kumwamba kudalibe mitambo. Mlimi wochenjera akaona thambo loyera ndi bata madzulo a Juni ndi Julayi, amathirira dimba lake dzuwa lisanalowe naphimba mbande ndi udzu.

Mdani wina wa nyengo ino amalowetsedwa m'nyumba ndi eni ake. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Oupuma amamva mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo ambiri sadzukanso. Mbaula ituluke panja anthu asanagone, ngakhale makala akuoneka ngati azima. Wopezeka atakomoka m'nyumba yotere atulutsidwe msanga ku mpweya wabwino ndi kuthamangira naye ku chipatala.

8. CHILIMWE NDI NTHAWI YOKONZEKERA DZINJA

Anamondwe aakulu sabwera m'nyengo ya chisanu, pakuti amabadwira pa madzi ofunda a nyanja ya India kuyambira Novembala mpaka Epulo. Koma nthawi yowakonzekera ndi ino, nthaka ili youma, udzu ndi mitengo zilipo, ndipo ndalama za zokolola zili m'manja. Namondwe wa Freddy adabadwira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, ndipo masetilaiti adamutsata masabata asanu. Atafika kumwera kwa Malawi mu Malichi, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche nizikwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo zoterezi zidachitikanso ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. Anthu oposa 600 adapezeka atafa, oposa 500 adasowa, ndipo oposa 600,000 adasowa pokhala. Ku Phalombe madzi adali atachitanso zomwezo mu Malichi 1991, ndipo ku Zomba mu Disembala 1946. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa.

Tsono m'miyezi ino mwini nyumba ayang'ane kumene adamanga: ngati ndi m'khwawa, m'mphepete mwa mtsinje kapena kunsi kwa phiri lopanda mitengo, ayambe kukambirana ndi mfumu za malo ena. Amange denga ku khoma ndi waya, akhomerere malata ogwedera, pakuti mvula yoyamba ya Okutobala ndi Novembala imadza ndi mphepo yosasula madenga a nyumba, masukulu ndi matchalitchi. Ana aphunzitsidwe kuti mphenzi ikang'anima awerenge mpaka bingu litamveka: masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Bingu likamveka atuluke m'madzi, achoke pabwalo, ndipo asabisale pansi pa mtengo woima paokha.

9. MAU OTSIRIZA

Mu Disembala 2023 nyenyezi ya Halley idafika pa mapeto a njira yake, kuseri kwa Neptune, nitembenuka. Idzayandikiranso dzuwa kumapeto kwa Julayi 2061, mwera uli pakati. Ana amene ali m'makalasi oyamba lero adzakhala ali ndi ana awoawo, ndipo mosakayika padzapezeka wina pamoto wonena kuti nyenyeziyo ndiyo yadzetsa mphepo. Kudzakhala bwino ngati pamotopo padzakhale mmodzi amene adaphunzitsidwa ali mwana, woti adzatulutse anzake panja kukaiona mosaopa, pakuti ambiri amaiona kamodzi kokha pa moyo wawo, kenaka adzafunse zimene wailesi yanena asanalole mwana wake kutenga nkhafi. Safunsa adadya phula.

MAFUNSO OTHANDIZA APHUNZITSI

1. Kodi Tycho Brahe adadziwa bwanji kuti nyenyezi ya mchira ili kutali kuposa mwezi? Ana ayese ndi chala chawo.

2. Kodi phata la nyenyezi ya mchira lidapangidwa ndi chiyani, ndipo chifukwa chiyani mchira umaloza mbali yosiyana ndi dzuwa?

3. Nkhokwe ziwiri zimene nyenyezi za mchira zimachokerako ndi ziti?

4. Chifukwa chiyani mafunde a mwera amakula koposa kumpoto kwa nyanja?

5. Chifukwa chiyani chisanu chimagwa usiku wopanda mitambo, ndipo chimayambira m'madambo?

6. Kodi m'mudzi muno ndani amamva chenjezo la zanyengo, ndipo amalifikitsa bwanji kwa amene alibe wailesi kapena foni?

7. Kodi ndi nyumba ziti za m'mudzi muno zimene zili m'njira ya madzi, ndipo nchiyani chingachitike mvula isanayambe?